Nyumba za lendi mu Chipata: kodi nzeru ndi kumanga kumene khonsolo siifika?

Munthu wa mu Chipata akagwira ndalama zochulukirapo, kaya ndi za penshoni, za soya, za fodya kapena za chilimba, maganizo ake kawirikawiri amathera pamodzi: puloti, mabuloko, malata, kenaka anthu ochita lendi. Kuyambira mu Epulo 2023, pamene lamulo linalola ogwira ntchito kutapa 20 peresenti ya zosunga zawo ku NAPSA asanapume, nkhani imeneyi yalowa ngakhale m'mabanja amene sankayembekezera kugwira ndalama zotere msanga. Nyumba ya lendi imaoneka ngati ng'ombe ya m'tauni: imakamidwa mwezi ndi mwezi, ndipo ana adzaipeza.

Koma pali malangizo ena amene akumveka kawirikawiri pamaliro, pamsika ndi panja pa tchalitchi mapemphero akatha. Akuti usamange m'kati mwa mzinda, chifukwa a khonsolo adzakuvutitsa ndi mapulani, misonkho ndi oyendera nyumba. Akuti pita kunja pang'ono, kumene puloti ndi yotchipa, kumene palibe wokufunsa pepala. Malangizowa ali ndi zoona zake, ndipo tizinena. Komabe tikayang'ana malamulo, zimene zachitika m'mizinda ina ndiponso masamu a lendi, tikupeza kuti wothawa woyendera nyumba sathawa mtengo wake. Amangousunga kuti adzaulipire mtsogolo, ndipo nthawi zina amene amayamba kuulipira ndi mwana wa munthu wochita lendi.

Mzinda ndi watsopano, malamulo ndi akale

Chipata inakwezedwa kukhala mzinda pa 24 Febuluwale 2017, kukhala wachisanu m'dziko muno pambuyo pa Lusaka, Ndola, Kitwe ndi Livingstone. Kalembera wa 2022 anapeza anthu oposa 300,000 m'boma la Chipata. Zimene zimakokera anthu kuno tonse tikuzidziwa: malikulu a chigawo cha kum'mawa, chipatala cha Chipata Central, masukulu a uphunzitsi, unamwino ndi ntchito zamanja, msewu wa Great East, ndi malonda a pachipata cha Mwami, pamene ofesi imodzi yothandizira mayiko onse awiri inatsegulidwa mu Disembala 2022. Anthu onsewa amafuna pogona, ndipo ambiri a iwo sadzamanga kuno. Ndiye msika wa lendi ulipo ndithu.

Mphamvu zimene khonsolo ili nazo pa nyumba zimenezi sizinabwere ndi dzina la mzinda. Zinalipo kale, ndipo zili m'malamulo angapo.

Loyamba ndi lamulo la zomangamanga, Urban and Regional Planning Act la 2015. Limanena kuti munthu asamange, kapena kusintha ntchito ya malo kapena nyumba, popanda chilolezo. Izi zikutanthauza kuti amene wasandutsa nyumba ya banja limodzi kukhala malo ogona ophunzira 20, kapena wawonjezera mdadada kuseri kwa nyumba yaikulu, wachita chinthu chofunika chilolezo. Khonsolo ikapeza chomangidwa popanda chilolezo ingathe kulemba kalata yolamula kuti ntchito iime, ikonzedwe, kapena chomangidwacho chigwetsedwe.

Lachiwiri ndi lamulo la zaumoyo, Public Health Act, Cap 295. Ili ndi limene limapatsa oyendera zaumoyo mphamvu yolowa pamalo ndi kuona mmene anthu akukhalira. Nyumba yothithikana, yopanda chimbudzi chokwanira, yonyowa, yopanda mpweya, kapena bwalo limene madzi oipa aima, zonsezi lamulo limaziwerenga ngati choopsa pa umoyo wa anthu. Kachitidwe kake n'kotere: khonsolo imalembera woyambitsa vutolo kuti akonze m'masiku oikika, akalephera, nkhani imapita kwa majisitireti, ndipo khoti lingathe kulamula kuti nyumbayo itsekedwe kufikira itakonzedwa.

Palinso Local Government Act la 2019, limene limapatsa makhonsolo udindo pa zinyalala, ngalande ndi zozimitsa moto, ndi Rating Act la 2018, limene limayendetsa msonkho wa nyumba ndi malo.

Choyenera kuzindikira n'chakuti kuno kwathu nyumba wamba ya lendi siyenderedwa chaka ndi chaka monga amachitira ndi malesitilanti, mabala ndi nyumba zogona alendo, zimene zimafunika ziphaso zaumoyo ndi za moto. Panyumba wamba woyendera amafika nthawi zitatu: pomanga ngati munapereka pulani, pamene wina wadandaula, ndi pamene matenda abuka. Ulendo woyambawu ndi wotchipa. Wachitatu ndi umene umasaukitsa.

Chifukwa chake anthu amathawa

Tisanamize kuti amene amapewa khonsolo onse ndi achinyengo. Kujambulitsa pulani kumafuna ndalama. Kuyembekezera yankho kumadya nthawi, pamene mtengo wa simenti suyembekezera munthu. Mayi wamasiye amene akufuna kumanga zipinda ziwiri kuti azilipirira ana sukulu amaona ofesi ya zomangamanga ngati malo a anthu a kumayadi. Ndiponso mantha akuti woyendera angafune "ya madzi akumwa" sangochokera m'mutu: nkhani za kagawidwe ka malo m'makhonsolo zinafika poti mu 2020 boma linaimitsa kwa kanthawi makhonsolo a Lusaka ndi Kitwe chifukwa cha mapuloti ogawidwa mosatsata lamulo. Munthu akamva zotere, n'zosadabwitsa kuti amasankha kukapangana ndi nyakwawa kusiyana ndi kukaima pamzere.

Mapuloti a m'kati mwa mzinda ndi odulanso. Kusiyana kwa mtengo pakati pa malo a ku Kalongwezi kapena Moth ndi malo a kumidzi ya m'mbali mwa misewu ya ku Lundazi, Mfuwe, Chadiza kapena Mwami n'kwakukulu. Wokhala ndi ndalama zochepa amawerenga kuti zimene wapulumutsa pa puloti zigula malata.

Zonsezi n'zomveka. Vuto lili poti malangizo othawa khonsolo amaganiza kuti zinthu zidzakhala mmene zilili lero.

Malire amayenda

Palibe malo m'Zambia amene sali pansi pa khonsolo ina yake. Pamene Kasenengwa ndi Chipangali anapatulidwa ku Chipata n'kukhala maboma paokha mu 2018, aliyense anakhala ndi khonsolo yake, ndipo lamulo la zaumoyo limagwira ntchito kumeneko monga mmene limagwirira ku Kapata. Lamulo la 2015 lija limalolanso khonsolo kupangana ndi mafumu kuti malo a mwambo amene akusanduka tauni akhale ndi pulani. Kumene lero kuli minda ya chimanga, mawa wopima malo adzafuna kudutsitsa msewu, mapaipi ndi mawaya a magetsi. Nyumba imene idzapezeke pakati pa njira sidzafunsidwa kuti inamangidwa ndi ndalama za penshoni.

Zimene zinachitika ku Chingola mu Ogasiti 2022 ziyenera kukhala m'maganizo mwa aliyense wogula puloti. Khonsolo ya kumeneko inagwetsa nyumba ndi zomangidwa zoposa 300 pamalo a bwalo la ndege la Kasompe. Pakati pa amene analira tsiku limenelo panali anthu amene anapereka ndalama zawo n'kumaganiza kuti agula malo. Kwa nthawi ndithu palibe anawaletsa, ndipo kukhala chete kwa akuluakulu kunaoneka ngati chilolezo. Tsiku limene makina anafika, zaka zonse za kudzimana zinatha m'mawa umodzi.

N'chifukwa chake funso loyamba pa puloti si mtengo wake koma pepala lake. Malinga ndi Lands Act la 1995, malo onse m'dziko muno ali m'manja mwa Pulezidenti m'malo mwa anthu a Zambia, ndipo amagawika pawiri: a boma ndi a mwambo. Pamalo a boma pepala lolimba ndi taitulo, imene kawirikawiri imakhala ya zaka 99. M'makomboni amene khonsolo inawavomereza, munthu angakhale ndi chiphaso chokhalira pamalo cha zaka 30. Pamalo a mwambo, kalata ya nyakwawa ili ndi ulemu wake pakati pa anthu a m'mudzimo, koma si taitulo. Kuti malowo asanduke a taitulo pamafunika chilolezo cha mfumu, kuvomereza kwa khonsolo, ndi ofesi ya Commissioner of Lands. Amene akugula malo m'madera a mafumu ozungulira mzinda uno ayenera kudziwa kuti kapepala ka mwana wa mwini munda, kapena ka wapampando wa chipani, sikangaime pamaso pa khoti pamene abale ena a banjalo abwera kudzafuna munda wa makolo awo. Mabanki nawonso, pofuna chikole, amayang'ana taitulo.

Kumene woyendera safika, kolera amafika

Mbali yaikulu ya ntchito ya woyendera zaumoyo ndi madzi ndi chimbudzi, ndipo apa mpamene kuthawa lamulo kumapha.

Taonani mmene mdadada umakulira. Mwini puloti amayamba ndi zipinda zitatu ndi chimbudzi chimodzi chokumba. Lendi ikayamba kulowa amawonjezera zitatu zina, kenaka zina ziwiri, mpaka bwalo latha. Mabanja 8 akugwiritsa ntchito dzenje limodzi, ndipo likadzaza palibenso pokumba lina. Madzi a pampopi akamavuta, amakumba chitsime pakona imene yatsala, mapazi ochepa kuchokera pachimbudzi chake kapena cha mnansi. Akatswiri a zaumoyo amalangiza kuti pakati pa chimbudzi chokumba ndi pochokera madzi akumwa pakhale mamita osachepera 30. Pamapuloti ambiri a m'komboni mtunda umenewo kulibe. Mvula ikagwa, zimene zili m'dzenje lina zimalowa m'dzenje linzake.

Chipata ili m'chigwa chozunguliridwa ndi mapiri. Madzi onse otsika m'mapiriwo amadutsa m'makomboni pofuna mtsinje wa Lunkhwakwa. Womanga pamtunda wa phiri popanda ngalande amatumiza madzi ake kwa amene ali kumunsi, ndipo womanga m'dambo amalandira za onse. Puloti imene mwaiona mu Seputembala, youma ndi yokongola, muyenera kukaionanso mu Febuluwale. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Izi si nkhani zakutali. Mu Januwale 2023 kolera anabuka ku Vubwi, kufupi nafe, pa nthawi imene matendawa anali atapha anthu ambiri ku Malawi. Kuyambira mu Okutobala chaka chomwecho kufikira mu 2024 dziko lathu linaona mliri woopsa koposa: odwala anaposa 20,000 ndipo omwalira anaposa 700. Bwalo la masewera la National Heroes ku Lusaka linasanduka chipatala, ndipo masukulu amene anayenera kutsegulidwa pa 8 Januwale 2024 anatsegulidwa pa 12 Febuluwale. Kumene matendawa anakula kwambiri ndi m'makomboni othithikana monga Kanyama, kumene zitsime zosazama ndi zimbudzi zokumba zili pamodzi.

Pa nthawi ngati imeneyo khonsolo siyendanso ndi makalata aulemu. Zitsime zimakwiriridwa, malo amatsekedwa, ndipo mwini nyumba amene anapulumutsa ndalama pokana kumanga chimbudzi chachiwiri amalipira zonse pakamodzi, anthu ake ochita lendi atasamuka. Imeneyo ndi mbali ya ndalama chabe. Mbali ina ndi ya mwana amene anamwa madzi a chitsime chija.

Pamene mzinda wasiya kuyendera

Amene amalakalaka mzinda wopanda oyendera nyumba ayang'ane zimene zinachitika ku Johannesburg pa 31 Ogasiti 2023. Nyumba yosanja yotchedwa Usindiso, m'dera la Marshalltown, inapsa usiku ndipo anthu 76 anafa. Pakati pawo panali anthu ochokera ku Malawi, olankhula chilankhulo chathu chomwechi, amene anapita kukafuna ntchito. Nyumbayo inali ya mzinda wa Johannesburg, koma inalandidwa ndi magulu amene anaigawa tizipinda ta matabwa n'kumatolera lendi. Magetsi anali olumikiza mwachinyengo, zozimitsira moto kunalibe, ndipo njira zothawira zinali zotsekeka. Bungwe lofufuza lotsogoleredwa ndi woweruza Sisi Khampepe linapeza mu 2024 kuti akuluakulu a mzinda ankadziwa za mkhalidwe wa nyumbayo kwa zaka zingapo koma sanagwiritse ntchito malamulo awo.

Ife tilibe nyumba zosanja zotere zambiri, koma tili ndi zofanana nazo pang'ono: chipinda cha khomo limodzi ndi mawindo otchingidwa ndi zitsulo zowotcherera, mawaya ochokera pa mita imodzi kupita ku zipinda 6 olumikizidwa ndi munthu wosaphunzira ntchitoyo, ndi mbaula yoyaka m'chipinda chotseka mwezi wa Juni. M'chaka cha 2024, pamene chilala chinaphwetsa madzi ku Kariba ndipo magetsi ankazima maola ambiri, makandulo ndi makala zinabwerera m'nyumba zathu. M'nyumba zogona ophunzira, mmene achinyamata angapo amagona m'chipinda chimodzi, funso lakuti angatulukire kuti moto utabuka si la khonsolo yokha. Ndi la mwini nyumba, ndi la kholo lililonse limene latumiza mwana kudzaphunzira kuno.

Tiyeni tiwerenge

Tsopano tiike pambali za umoyo, tiyang'ane ndalama zokha. Manambala otsatirawa ndi ongoyerekeza kuti tione kayendedwe ka masamu. Inu muikepo a kwanu.

Tinene kuti munthu woyamba wawononga K240,000 pa puloti yovomerezeka ndi mdadada wa zipinda 6, kuphatikizapo pulani, mpopi ndi zimbudzi ziwiri. Malowo ali pafupi ndi msewu, chipinda chilichonse ndi K500 pamwezi, ndipo zonse zimakhala ndi anthu. Pachaka amatolera K36,000. Ndalama zake zibwerera m'zaka zosakwana 7, tisanachotse zokonzera ndi misonkho.

Wachiwiri wapita kutali, wapulumutsa K30,000, ndiye wawononga K210,000. Koma kumeneko madzi ndi a pachitsime, msewu umaduka nthawi ya mvula, ndipo wogwira ntchito m'tauni ayenera kulipira njinga kapena takisi kawiri pa tsiku. Chipinda sichingapose K400, ndipo zipinda ziwiri zimakhala zopanda anthu. Pachaka amatolera K19,200. Ndalama zake zibwerera m'zaka pafupifupi 11.

K30,000 imene anapulumutsa yatha m'zaka ziwiri zoyamba. Chifukwa chake n'chakuti wochita lendi ndiye woyendera nyumba weniweni. Iye salemba kalata ya chenjezo, amangosamuka. Namwino, mphunzitsi kapena wogwira ntchito pachipata cha Mwami, amene malipiro ake amabwera mwezi uliwonse, amayang'ana zomwezo zimene woyendera wa khonsolo amayang'ana: madzi, chimbudzi, denga, magetsi, njira. Nyumba yosakwanitsa izi imatsala ndi anthu amene alibe kwina kopita, ndipo iwowo ndi amene amavutika kulipira.

Izi sizikutanthauza kuti kunja kwa mzinda kulibe phindu. Mzinda ukukula, ndipo malo amene lero ali kutali adzakhala pafupi. Amene ali ndi mapepala abwino, amene wasiya malo a msewu, ndipo angathe kuyembekezera zaka zambiri osadalira lendi kuti adye, angathe kudzapindula. Koma ameneyo akusunga chuma m'nthaka. Wopuma pantchito amene akufuna ndalama za mankhwala mwezi wamawa ali ndi funso lina, ndipo asasokoneze ziwirizi. Choopsa koposa ndi kumanga ndi ndalama za kaloba: chiwongoladzanja chimathamanga mwezi ndi mwezi pamene chipinda chili chotseka.

Lamulo lilinso pakati pa inu ndi wochita lendi

Woika ndalama m'nyumba za lendi ayenera kudziwanso malamulo ena awiri amene sadalira kumene wamanga.

Loyamba ndi Rent Act, Cap 206, la nyumba zokhalamo. Pansi pa lamuloli mwini nyumba sangatulutse munthu mwa mphamvu zake. Pamafunika chigamulo cha khoti. Kulanda katundu wa wochita lendi chifukwa cha ngongole kumafunikanso chilolezo cha khoti. Choncho kuzula chitseko, kuchotsa malata, kapena kutaya katundu panja mvula ikugwa, zimene timaziona m'makomboni mwathu, ndi kudziika pa mlandu. Mashopu ali ndi lamulo lawo lina, Landlord and Tenant (Business Premises) Act. Chitetezo chabwino kwa onse awiri ndi pangano lolembedwa: lendi ndi zingati, ilipiridwa liti, amene akonza mpopi ndani, amene alipira kupopa chimbudzi ndani, ndipo chidziwitso chosamuka ndi cha nthawi yotani. Lisiti la mwezi uliwonse limathetsa mikangano yambiri isanafike kwa akulu a mpingo.

Lachiwiri ndi msonkho. Kale wochita lendi ndiye ankayenera kudula 10 peresenti n'kupereka ku ZRA. Kuyambira mu 2022 udindo unasamukira kwa mwini nyumba, kuti azilengeza yekha lendi imene walandira ndi kulipira msonkho wake. Mlingo wa msonkhowu umasintha ndi bajeti ya boma, choncho funsani ku ofesi ya ZRA musanawerengere phindu. Palinso msonkho wolipira posintha dzina la mwini malo, umene wogulitsa ndi wogula ayenera kukambirana poyera asanagwirane chanza.

Khonsolo nayonso ili ndi ngongole

Sitingalimbikitse anthu kulemekeza oyendera nyumba popanda kunena zimene khonsolo iyenera kuchita. Pali ngozi yeniyeni ngati lamulo ligwiritsidwa ntchito mwaukali ndi mwadzidzidzi. Ku Mchini, Navutika kapena Magazine, chipinda chotchipa ndicho chimene chimasunga wogulitsa pamsika, woyendetsa njinga ndi mlonda. Khonsolo itati itseke lero nyumba iliyonse yosakwanira pa muyeso, mabanja ambiri angagone panja, ndipo lendi ya zipinda zotsalazo ingakwere. Eni midadada ambiri si anthu olemera; ndi amasiye ndi okalamba amene chipinda cha kuseri ndiyo penshoni yawo.

Njira yabwino ndi yoyamba ndi zimene zimapha: chimbudzi, madzi akumwa, mawaya, potulukira. Kukongola kwa khoma kungayembekezere. Woyendera azifika mvula isanayambe, osati maliro atachitika. Mitengo ya ziphaso ilembedwe poonekera, m'Chinyanja, ndipo kwacha iliyonse ikhale ndi lisiti. Mwini nyumba apatsidwe nthawi yokwanira yokonzera. Mapulani osavuta a zipinda ziwiri kapena zinayi, ovomerezedwa kale, angathandize osauka kumanga motsata lamulo popanda kulipira wojambula. Ndipo lamulo likhale limodzi kwa onse: n'kovuta kuuza mayi wa mdadada kuti agwetse chipinda pamene wamphamvu wamanga m'mphepete mwa mtsinje popanda womufunsa.

Khonsolo imene imatolera msonkho wa nyumba iyeneranso kuonetsa ngalande, misewu ndi galimoto ya zinyalala. Ndalama zilipo kusiyana ndi kale. Thumba la chitukuko cha m'madera a aphungu, CDF, linakwezedwa kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni mu 2022, ndipo lakhala likukwera m'zaka zotsatira. Ntchito zolipiridwa ndi thumbali zimayambira m'makomiti a chitukuko a m'mawodi. Eni nyumba ndi ochita lendi amene safika kumisonkhano imeneyi akusiyira ena kusankha ngati ngalande ya m'dera lawo ikumbidwa. Ngalande imodzi yabwino imakweza mtengo wa nyumba zonse za mumsewuwo kuposa penti.

Musanapereke ndalama

Safunsa anadya phula. Musanalipire puloti kapena nyumba, pitani nokha ku ofesi ya zomangamanga ya khonsolo mukafunse ngati malowo ndi okhalapo anthu, ndiponso ngati sali pamsewu, pansi pa mawaya aakulu a ZESCO, kapena pamalo a sukulu. Ngati wogulitsa akuti ali ndi taitulo, kafufuzeni ku ofesi ya za malo kuti dzina ndi lake ndipo palibe ngongole yomangiriridwa pamenepo. Ngati mwini wake anamwalira, onani pepala la khoti la woyang'anira chuma cha masiye, ndipo mulankhule ndi ana onse. Ngati ndi malo a mwambo, musathere kwa wogulitsa; fikani kwa nyakwawa ndi kwa mfumu, pamaso pa mboni.

Funsani ku Eastern Water and Sanitation Company ngati mapaipi amafika kumeneko ndipo madzi amatuluka masiku angati. Ngati mukuganiza zoboola madzi, kumbukirani kuti kuyambira mu 2018 mijigo imayenera kulembetsedwa ku WARMA. Funsani anansi kumene madzi a mvula amapita. Dzifunseni kuti adzachita lendi ndani, amagwira ntchito kuti, ndipo ulendo wake wa tsiku ndi tsiku udzamudyera zingati. Pomanga, werengerani chimbudzi musanawerengere zipinda, ndipo musiye njira yoti galimoto yopopa idzalowere. Ngati mukugula nyumba yomangidwa kale, pemphani pulani yake yovomerezedwa. Zolakwa za womanga zimakhala zanu tsiku limene mwalandira makiyi.

Izi zikukhudzanso mipingo imene yamanga mashopu kapena nyumba za lendi kuti izipeza ndalama zoyendetsera ntchito. Komiti ya zomanga isaganize kuti dzina la mpingo lilowa m'malo mwa chilolezo. Anthu a m'dera amaona mmene timasamalirira amene akukhala m'nyumba zathu.

Pa benchi limodzi Lamlungu pamakhala mwini nyumba ndi wochita lendi, nthawi zina a puloti imodzi. Wina akufuna phindu pa thukuta lake, ndipo n'koyenera. Wina akufuna kuti ana ake agone mouma ndi kumwa madzi abwino, ndipo n'koyeneranso. Muyeso wosavuta, umene sufuna kalata ya khonsolo, ndi uwu: ngati mwana wanu atapeza ntchito ku Petauke kapena ku Lusaka, kodi mungakondwe atapeza chipinda chofanana ndi chimene inu mukuchititsa lendi? Ngati yankho ndi inde, woyendera akabwera mupatseni mpando. Ngati ndi ayi, ndalama za chipinda chotsatira ziyambe zapita ku chimbudzi, mvula isanagwe.